Za Zilonda Zimene Nkhondo Imasiya Mumtima, ndi Kupola Kwake



Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Roma, Pulezidenti Joaquim Chissano wa boma la Frelimo ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasaina pangano lothetsa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique. Pakati pa ankhoswe amene anawayanjanitsa panali a gulu la Sant'Egidio ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Mfuti zinaleka kulira, misewu inatseguka, ndipo m'zaka zitatu zotsatira anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene anathawira kunja anabwerera kwao. Koma pangano la pa pepala limaletsa mfuti yokha, silingalamule mtima kuti ugone. Kufikira lero, zaka zoposa 30 zitapita, m'midzi ya ku Angónia, Mutarara, Milange ndi Gorongosa mukali anthu amene amadzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, pakuti kutulo kwao nkhondo ija ikumenyedwabe.

Mau a lero ali pa anthu otere, ndipo mfundo yake ndi imodzi: chilonda chimene anthu anachipanga pa munthu mnzao kwa nthawi yaitali chimapolanso pakati pa anthu, ndipo chimapola pang'onopang'ono, motsata dongosolo lake. Wofuna kuchifulumiza amangochitosa.

Kumene chilondachi chinachokera

Nkhondoyi inayamba cha m'ma 1977, patangopita zaka ziwiri dzikolo litalandira ufulu wodzilamulira. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi zipolopolo, njala ndi matenda. Kuyambira m'chaka cha 1986 othawa nkhondo anayamba kulowa m'Malawi mwaunyinji, ndipo pofika 1992 anali ataposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 anapeza kuti Amalawi onse anali pafupifupi 8 miliyoni. M'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka, nakhala m'misasa monga wa Mankhokwe ndi wa Nyamithuthu. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri anafikira m'midzi, kwa abale a chinenero chimodzi ndi mfunda umodzi, amene malire a atsamunda anawalekanitsa nao. Ena anakakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke ku Zambia, ndi ena ku Tongogara ku Zimbabwe.

Amene anathawa msanga anataya minda, ziweto ndi manda a makolo ao, ndipo chimenecho ndi chisoni chachikulu. Koma amene anagwidwa asanathawe anaona zina zoposa. M'chaka cha 1988 Robert Gersony, wotumidwa ndi boma la America, anafunsa othawa nkhondo pafupifupi 200, ndipo analemba za madera m'mene anthu ankasungidwa monga akapolo, kulimira asilikali a Renamo ndi kuwasenzera katundu maulendo aatali, wotopa panjira namenyedwa kapena kuphedwa. Ku Gorongosa thangata ameneyu ankatchedwa gandira, ndipo amayi ndi atsikana ambiri otengedwa ku gandira ankagwiriridwa. Anyamata aang'ono ankabedwa ndi kupatsidwa mfuti, ndipo ena anakakamizidwa kupha anthu a m'mudzi mwao momwe, kuti njira yobwerera kwao itsekeke. Asilikali a boma naonso ankasamutsa anthu mokakamiza kukawaika m'midzi ya boma, ndi kuzunza amene ankawaganizira kuti akudyetsa adani. Munthu wamba anali udzu pakati pa njovu ziwiri, ndipo analibe kothawira kwa miyezi ndi zaka.

Kusiyana kwa bala ndi chilonda

Aliyense wa kumudzi akudziwa kusiyana kwa bala ndi chilonda. Bala la chikwanje limabwera kamodzi, limatuluka magazi, ndipo likamangidwa bwino limatseka. Chilonda chimene chakhala chikutosedwa tsiku ndi tsiku chimadya mnofu kulowa mkati, ndipo mwini wake amasintha ngakhale kayendedwe. Momwemonso ndi mtima. Munthu wopulumuka pa ngozi ya galimoto kapena pa madzi osefukira akhoza kuvutika ndi maloto oopsa ndi mantha, ndipo madokotala a ku America analilemba vutoli m'buku lao la matenda m'chaka cha 1980, ataona asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam. Analitcha PTSD. Koma m'chaka chomwecho cha pangano la ku Roma, 1992, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harvard, Judith Herman, anatulutsa buku lotchedwa Trauma and Recovery, m'mene anaonetsa kuti andende ozunzidwa, anthu ogwidwa ukapolo, amayi omenyedwa m'banja ndi ana ochitidwa nkhanza m'nyumba ali ndi vuto lozama kuposa limenelo, chifukwa chozunzika mobwerezabwereza m'manja mwa munthu amene sangamthawe. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linavomereza vutoli m'chaka cha 2019 pa dzina lakuti complex PTSD, ndipo buku la matenda m'mene dzinali lili linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022.

Zizindikiro zake zili zisanu ndi chimodzi. Zitatu zoyamba zimapezekanso mwa munthu wa bala limodzi. Choyamba, zakale zimabwerera monga zikuchitika tsopano lino, kutulo kapena masana, pongomva fungo la utsi kapena kulira kwa njinga yamoto. Chachiwiri, munthu amapewa malo, anthu ndi nkhani zomkumbutsa. Chachitatu, amakhala tcheru nthawi zonse, kukhala moyang'ana khomo, kudzidzimuka mbale ikagwa. Zitatu zotsatira ndizo za chilonda chamgonagona. Mtima sukhazikika: mkwiyo umabuka pa kanthu kochepa, kapena munthu amangouma osamva chimwemwe kapena chisoni. Amadziona wachabechabe, wodetsedwa, wamanyazi, ngakhale wolakwa anali wina. Ndipo amalephera kukhulupirira anthu, kotero kuti amatalikira ngakhale mkazi wake, mwamuna wake kapena ana ake.

Izi sizichokera ku ulesi kapena ku mtima woipa. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi ya mlonda. Choopsa chikayandikira, mlondayu amakuwa, ndipo thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima nugunda msanga, minofu nikungika, kuti munthu athawe kapena amenye. Pamene kuthawa ndi kumenya zonse zili zosatheka, monga zinalili kwa mtsikana wa ku gandira, thupi limauma ndipo maganizo amachoka, munthu nakhala ngati akuonerera patali zimene zikumchitikira. Nzeru imeneyi inapulumutsa moyo pa nthawi yake. Tsoka lake ndi lakuti mlonda amene wakuwa usiku uliwonse kwa zaka zambiri sakhulupirira msanga kuti kunja kwacha. Ndiye chifukwa chake anthu otere amafika kuchipatala akudandaula za mutu, msana, kugunda kwa mtima ndi kusowa tulo, ndipo amanena kuti akuganiza kwambiri, chimene Ashona amachitcha kufungisisa. Ena amathawira ku kachasu kuti mlondayo akhale chete kwa usiku umodzi.

Makwerero atatu a kupola

Herman anafotokoza kuti kupola kuli ndi makwerero atatu. Munthu sakwera molunjika monga pa makwerero a nkhokwe. Amakwera, natsika, nakweranso. Komabe dongosolo lake ndi lofunika.

Khwerero loyamba ndilo chitetezo. Palibe chilonda chimapola chikali kutosedwa. Munthu ayenera kuyamba wachoka m'manja mwa womzunza, akhale ndi pogona potsekeka, chakudya, ndi munthu mmodzi kapena awiri amene mau ao sasintha. Ayeneranso kubwezeredwa mphamvu yosankha, pakuti chimene ukapolo unamlanda choyamba ndi chimenecho. Wothandiza amene amalamula kuti khala apa, nena izi, pita uko, ngakhale ali ndi mtima wabwino, amavala nkhope ya wozunza uja osadziwa. Wothandiza wanzeru amafunsa: mukufuna tikhale mkati kapena panja? Mukufuna abwere ndani? Pa khwerero lomweli munthu amaphunzira kukhazika thupi lake pansi, kupuma mofatsa, kuponda nthaka ndi kutchula zimene maso akuona, kuti adziwe kuti lero ndi lero.

Khwerero lachiwiri ndilo kukumbukira ndi kulira maliro. Zokumbukira za munthu wozunzidwa zimakhala ngati mapale a mphika wosweka: fungo apa, mfuu apo, nkhope ya munthu uko, popanda chiyambi kapena mathero. Ntchito ya khwereroli ndiyo kutola mapalewo ndi kuwaika m'malo mwake kuti akhale mbiri yokhala ndi chaka ndi malo, mbiri imene inachitika ndipo inatha. Njira ina imene akatswiri a ku Germany anaikonzera othawa nkhondo, naiyesa pakati pa anthu a ku Sudan m'misasa ya ku Uganda, imagwiritsa ntchito chingwe. Munthu amayala chingwe pansi monga moyo wake kuyambira kubadwa, naika mwala pa chaka chilichonse cha tsoka ndi duwa pa chaka chilichonse cha chimwemwe, ndipo mbali ina ya chingwecho imatsala yokulunga, chifukwa ndiyo masiku amene akubwera. Pambuyo pake iye ndi mlangizi amayenda pa chingwecho mwala umodziumodzi, pa masiku osiyana. Munthu amene ankayesa kuti moyo wake wonse ndi mwala umodzi waukulu amaona ndi maso ake kuti maluwa analipo, ndi kuti chingwe sichinathe. Apa ndi pamene amalira abale amene sanawaike m'manda, ndi ubwana umene sudzabweranso.

Khwerero lachitatu ndilo kubwerera pakati pa anthu: kugwira khasu, kuphunzira luso, kulera ana, kupita ku maliro ndi ku ukwati wa anansi, kukhala munthu amene mudzi umamdalira.

Zimene dziko la Mozambique linaphunzitsa

M'chaka cha 1988 boma la Mozambique ndi bungwe la Save the Children anasonkhanitsa anyamata amene anali asilikali a Renamo pa malo otchedwa Lhanguene mumzinda wa Maputo. Katswiri wa maganizo a ana, Neil Boothby, ndi anzake anatsatira moyo wa anyamata 39 a pamalopo kwa zaka 16. Anthu ambiri pa nthawiyo ankati ana otere ndi mbadwo wotayika. Zimene zinapezeka zinali zina. Ochuluka a iwo anakula nakhala amuna apabanja, atate osamala ana ndi anansi odalirika. Zokumbukira zowawa sizinawachoke, ndipo amene anakhalitsa m'manja mwa asilikali ndiwo anavutika koposa. Koma chimene chinawaimika chinali kupezedwa kwa abale ao, kulandiridwa ndi mudzi, ndi kupatsidwa ntchito ya manja yodyetsa banja.

Kulandiridwako kunali ndi mwambo wake. Alcinda Honwana, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Mozambique komweko, analemba za miyambo yosambitsa obwera ku nkhondo kumwera kwa dzikolo. M'madera ena mnyamata ankalowetsedwa m'kanyumba ka udzu, navula zovala za kunkhondo, kanyumbako nkuyatsidwa moto, mbale wake namtulutsa, zovala zija nkupsera momwemo. Kwina ankasambitsidwa mumtsinje ndi kuuzidwa kuti achoke osacheuka. Mipingo inasiyana maganizo pa miyamboyi, ndipo ina inakonza mapemphero akeake olandirira obwerawo. Koma chimene mudzi unkanena pamaso pa onse chinali chomveka: zimene mwanayu anachita ali m'manja mwa ena zatsala uko, iyeyu ndi wathu, adye nafe m'mbale imodzi. Manyazi ndiwo muzu wa chilondachi, ndipo manyazi sachoka ndi mankhwala akumwa. Amachoka pamene anthu amene munthu amawaopa amuitana ndi dzina lake.

Koma kusacheuka kuli ndi malire ake. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo ya Mozambique inakhululukira milandu yonse ya nkhondo, ndipo sipanakhale bwalo lomva mboni monga lija la ku South Africa limene Arkibishopu Desmond Tutu analitsogolera kuyambira 1996. Wopha ndi wofedwa anabwerera kukatunga pa chitsime chimodzi, onse ali chete. Victor Igreja, amene anafufuza kwa zaka zambiri ku Gorongosa, analemba kuti patapita zaka zingapo kunabuka mizimu yotchedwa magamba, imene anthu ankati ndi ya asilikali ofa. Inkagwira makamaka amayi, ndipo pamaso pa sing'anga ndi abale inkaulula zoipa za nthawi ya gandira, zimene banja linkabisa. Munthu angaweruze za mizimuyo monga chikhulupiriro chake chimuuzira, koma phunziro lake ndi loonekeratu: chimene chakanizidwa pakhomo chimalowera pazenera. Choonadi chimafuna tsiku lake ndi mboni zake.

Bambo Michael Lapsley, wansembe wa Anglican amene ankatsutsa tsankho la ku South Africa, analandira bomba m'kalata ku Harare mu Epulo 1990, nataya manja onse awiri ndi diso limodzi. M'chaka cha 1998 anakhazikitsa bungwe la Institute for Healing of Memories ku Cape Town, kumene anthu amakhala m'timagulu tating'ono kwa masiku owerengeka, kujambula mbiri ya moyo wao, kuumba ndi dongo, ndi kumvetserana popanda woweruza. Ku Mozambique, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikolo anayambitsa m'chaka cha 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Amisiri anadula mfutizo naumba nazo zinthu zoonetsa, ndipo mpando wina wopangidwa ndi mfuti zotere uli ku British Museum ku London. Munthu amene anakwirira mfuti kuseri kwa nyumba anali asanakhulupirire kuti nkhondo yatha. Tsiku limene anaifukula ndi kubwerera kwao atakwera njinga, mlonda wa mumtima mwake anayamba kupumula.

Udindo wa mpingo ndi mudzi

Nkhaniyi siinathere mu 1992. M'chaka cha 2016 anthu a m'chigawo cha Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo nkhondo imene inabuka ku Cabo Delgado mu 2017 inasamutsa anthu mazana a zikwi. Ndiponso chilonda chomwechi chimapangidwa m'nyumba zimene sizinamvepo kulira kwa mfuti: mwa mayi womenyedwa zaka khumi, mwa mwana wamasiye wogwiriridwa ndi womlera, mwa mtsikana wokwatiwitsidwa akali wamng'ono. Anthu amenewa amakhala pa mabenchi a m'tchalitchi Sabata lililonse. Pali zolakwa zinai zimene anthu a mtima wabwino amawachitira.

Cholakwa choyamba ndicho kubweza munthu kwa womzunza ndi mau akuti banja ndi kupirira. Kupirira ndi kwa njala ndi matenda. Pa nkhonya ndi chikwanje mauwa apha amayi ambiri. Nkhoswe kapena mkulu wa mpingo amene wamva za nkhanza ayambe wafunsa ngati mayiyo ndi ana ali ndi kogona kotetezeka usiku umenewo. Ku polisi ya Malawi ndi ya Zambia kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo mlandu wa mwana wogwiriridwa suyenera kuthera pa bwalo la banja.

Chachiwiri ndicho kukakamiza chikhululukiro. Kukhululuka ndi chipatso, ndipo chipatso chothyoledwa chosapsa chimapweteka m'mimba. Wouzidwa kuti akhululuke lero lomwe, wolakwa asanavomere kanthu, amamva kuti kulira kwake kwatopetsa anthu, ndipo amasenza mtolo wachiwiri, wodziona wochimwa chifukwa mtima ukumpwetekabe.

Chachitatu ndicho kuimika munthu kutsogolo kuti apereke umboni wa zimene anaona, mpingo wonse uli maso. Mbiri ya munthu ndi chuma chake. Aiulule kwa amene wamsankha, pa tsiku limene wasankha, ndipo womva aisunge monga chinsinsi. Isamveke pa chitsime, kapena kusanduka chitsanzo cha mu ulaliki.

Chachinai ndicho kutcha zizindikiro zija ziwanda kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Munthu amene wauma thupi kapena kukuwa pokumbukira, akazingidwa ndi khamu lomgwira ndi kumfuulira, thupi lake limabwerera ku tsiku lija anagwidwa. Chimene akusowa ndi liwu limodzi lofatsa lomtchula dzina ndi kumuuza kumene ali.

Ntchito yoyenera siifuna madigiri. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu oganiza kwambiri, kukumana nao kasanu ndi kamodzi, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti odwala ambiri anapeza bwino. Ku Lusaka, kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anaonetsa kuti alangizi wamba ophunzitsidwa bwino anachepetsa kwambiri mavuto a ana ozunzidwa. Amayi a m'mabungwe, amene amayendera kale odwala ndi ofedwa, akhoza kuphunzira luso lomweli. Ayenera kudziwanso polekezera: munthu amene akunena zodzipha, amene waleka kudya ndi kugona, kapena amene mowa wamgonjetsa, aperekezedwe kuchipatala msanga. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a matenda a maganizo, ndipo pali zipatala zazikulu monga Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu, Chainama Hills ku Lusaka ndi Ingutsheni ku Bulawayo. Womvetsera nayenso akhale ndi mnzake womtula mtolo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kodi wopola amaoneka bwanji? Saiwala ai. Chipsera chimatsala, ndipo pa nyengo zina, monga mwezi umene mudzi unatenthedwa, chimayabwa. Koma amagona usiku wambiri mpaka tambala, amakwiya osaphwanya mbale, amatha kunena kuti zija zinachitika chaka chakuti, ndipo akatero amanyamula khasu napita kudimba. Kufika pamenepo kumatenga zaka, ndipo akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene akuyenda ndi munthu wotere asawerenge miyezi. Abwerenso sabata yamawa pa ora limene analonjeza, pakuti kusunga lonjezo laling'ono mobwerezabwereza ndiko kumaphunzitsa mtima wozunzidwa kuti anthu akhoza kukhulupirikanso.